Badbea: cimbale ca munthu amene anaphunziranso kuwerenga

Anzathu, lero tikambe za nyimbo. Si nyimbo za kwathu kuno ai. Ndi nyimbo za munthu wa ku Scotland, dziko lozizira la kumpoto kwa Britain. Dzina lake ndi Edwyn Collins. Cimbale cake cimene tamvera cichedwa Badbea. Cinatuluka mwezi wacitatu wa caka ca 2019, mwini wake ali ndi zaka 59.

Wina afunsa kuti: nanga ife alimi ticite nazo ciani nyimbo zakutali, zoimbidwa m'Cingerezi? Funso limeneli ndi loyenera. Yankho lake ndi ili. Munthu uyu anadwala ali ndi zaka 45, ndipo mau onse anamuthawa. Sanathenso kulankhula, kuwerenga kapena kulemba. Anayambanso kuphunzira zilembo ali bambo wapabanja, monga ambiri a ife ticitira pano. Cimbale ici ndi nchito imene anagwira patapita zaka 14 cidwalire.

Tsono ife tifuna kuyesa nchitoyo. Kodi ndi yabwinodi? Kapena anthu amangoitama cifukwa mwini wake anadwala? Funso ili litikhudza tonse, pakuti ifenso timapita pa bolodi kukalemba anzathu akuyang'ana.

Ciyambi cake

Edwyn Collins anabadwira mumzinda wa Edinburgh m'caka ca 1959. Ali mnyamata anakhala ku Glasgow. Kumeneko iye ndi anzake anapanga gulu loimba, ndipo m'caka ca 1979 analicha Orange Juice. Zoimbira zao zinali magitala amagetsi ndi ng'oma.

Masiku amenewo zimbale zambiri za ku Britain zinali kutuluka ku makampani akulu a ku London. Woimba amene makampaniwo sanamufune anali kukhala ngati alibe mau. Anyamata a ku Glasgow sanadikire. Mnzao wina, Alan Horne, anayambitsa kakampani kochedwa Postcard, kamene nchito yake inali kucitikira m'nyumba yogonamo. Nyimbo yoyamba ya Orange Juice inatuluka kumeneko m'caka ca 1980. Nyimbo zotuluka m'njira yotere Angerezi amazicha indie, ndiko kunena kuti zodziimira pazokha. Zili ngati anthu a mudzi umodzi amene asonkha ndalama nagula cigayo cao, m'malo moyenda mtunda wautali kupita kwa mwini cuma.

Pambuyo pake gululo linalowa m'kampani yaikulu ya Polydor. M'caka ca 1982 munalowa woimba ng'oma wobadwira ku Zimbabwe, dzina lake Zeke Manyika. Iye anaimbako ndi m'Cishona, m'nyimbo yochedwa Hokoyo. M'caka ca 1983 nyimbo yao Rip It Up inafika pa nambala 8 pa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain. Gululo linatha m'caka ca 1985.

Collins anapitiriza yekha. Kwa zaka zingapo zimbale zake sizinagulidwe kwambiri. Kenaka m'caka ca 1994 anatulutsa nyimbo yochedwa A Girl Like You. Caka cotsatira inafika pa nambala 4 ku Britain, ndipo inalira pa mawailesi a maiko ambiri. Anthu anali kumudziwa ngati munthu wa lilime lakuthwa. Anali kukonda mau okuluwika, nthabwala ndi kuzembaitsa. Anali kunena ici, akutanthauza ico.

Pamene mau anathawa

Mwezi waciwiri wa caka ca 2005, mtsempha wa magazi unaphulika m'ubongo mwake. Patapita masiku owerengeka zinacitikanso. Anagona m'cipatala ku London miyezi 6. Dzanja lamanja ndi mwendo wamanja zinafooka.

Timve bwino apa, pakuti matenda awa aliponso m'midzi mwathu. Mbali yakumanzere ya ubongo ndiyo imalamula mbali yakumanja ya thupi. Mwa anthu ambiri mbali yomweyo ndiyo imasunga mau. Ikavulala, munthu amadziwa cimene afuna kunena, koma liu lake silibwera. Madokotala amacha vuto ili aphasia. Si misala ai. Si kulodzedwa ai. Nzeru zilimo, koma njira yotulukira yatsekeka. Kawirikawiri cimene cimaphulitsa mtsempha ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo ku cipatala amatha kupima ndi kupereka mankhwala ngozi isanafike.

Collins anatsala ndi mau anai okha. Anali kutha kunena inde. Anali kutha kunena iai. Anali kutha kuchula dzina la mkazi wake, Grace Maxwell. Ndipo anali kubwerezabwereza ciganizo cimodzi ca Cingerezi, cotanthauza kuti zotheka zilibe malire. Munthu amene anali kudyera lilime lake anatsala ndi zimenezo basi.

Anayamba pansi. Mkazi wake ndi anchito a cipatala anali kukhala naye tsiku ndi tsiku, kumuonetsa zilembo ndi timabuku ta ana. Anaphunzira kugwira pensulo ndi dzanja lamanzere. Kuyambira ubwana anali kukonda kujambula mbalame, conco anayambanso kuzijambula ndi dzanja losazolowera. Poyamba mizere inali kunjenjemera. Pang'onopang'ono ndi mtolo: m'caka ca 2008 zithunzi zake za mbalame zinaonetsedwa kwa anthu ku London.

Gitala sathanso kuimba yekha. Dzanja lamanzere limatha kugwira zingwe, koma lamanja silikhwaca. Tsono nyimbo ikabwera m'mutu, amaiimba ndi pakamwa m'kamakina kojambulira mau, ndipo anzake amaiika pa zoimbira iye akuwauza pofunika kukonza. Cinthu codabwitsa ncakuti amaimba mosavuta kuposa m'mene amalankhulira. Izi zimacitika kwa odwala ambiri a aphasia. Mwa njira imeneyi anatulutsa cimbale ca Losing Sleep m'caka ca 2010, ndi ca Understated m'caka ca 2013.

Mudzi wa pa phompho

M'caka ca 2014 iye ndi mkazi wake anacoka ku London. Anakakhala ku Helmsdale, kamudzi ka asodzi ka m'mbali mwa nyanja kumpoto kwa Scotland, kwao kwa agogo ake aamuna. Anamanga nyumba yojambuliramo nyimbo pa phiri, naicha Clashnarrow. Cimbale ca Badbea anajambulira m'menemo, ndipo cinatuluka ku kampani yake yaing'ono ya AED. Atakalamba anabwerera ku njira imene anayamba nayo ali mnyamata.

Dzina la cimbale ndi dzina la bwinja limene lili makilomita ngati 8 kucokera ku Helmsdale. Mbiri yake ndi yowawa. Ca m'ma 1790, eni malo a ku Scotland anaona kuti nkhosa zibweretsa ndalama zambiri kuposa lendi ya alimi osauka. Anayamba kucotsa mabanja m'zigwa zaconde kuti muzidya nkhosa. Ena mwa ocotsedwawo anapatsidwa malo ku Badbea, pamtunda wotsetsereka wamiyala, pamwamba pa phompho loyang'ana m'nyanja. Anazula miyala ndi manja kuti apeze polima. Amuna anali kupita kukasodza. Mphepo ya kumeneko ndi yaukali, conco amai popita ku nchito anali kumangirira ziweto, ngakhale ana, ku miyala ndi ku zikhomo kuti asagwere m'nyanja.

Anthu anacoka mmodzimmodzi, ena mpaka ku New Zealand. Womaliza anacoka m'caka ca 1911. Lero kuli makoma ogumuka, ndi cipilala cimene mwana wa munthu wina wocokera kumeneko anamanga. Pa cipilalaco analembapo maina a anthu a m'mudzimo.

Pamene tinali kufotokoza izi m'kalasi, akulu sanafune mau ambiri. Iwo adziwa za nthawi ya atsamunda, pamene munthu anali kucotsedwa pa dimba la makolo ake. Cimene ena anadabwa naco ncakuti Azungu anacitirananso zotere okhaokha.

Zimene tinamva

Cimbale cili ndi nyimbo 12. Tinazimvera pa telefoni, kangapo, mnzathu wodziwa Cingerezi akutimasulira.

Coyamba kufika m'khutu ndi liu. Ndi liu lalikulu, lakuya, lonjenjemera pang'ono. Mau ena amatuluka molemera, ngati munthu akusenza mtolo pokwera citunda. Iye sanabise zimenezi, ngakhale makina a masiku ano amatha kusalaza liu la woimba. Ife tiona kuti anacita bwino. Mphika woumba ndi manja umaoneka zala za woumba, ndipo sitiutaya cifukwa ca ico.

Munthu angayembekeze kuti cimbale ca wodwala cikhala ca maliro. Si conco. Nyimbo yoyamba, It's All About You, imayamba ndi ng'oma zamphamvu ndi zoimbira zouzira. Ndi yovina. Mai wina wa m'kalasi mwathu, amene sadziwa liu limodzi la Cingerezi, anayamba kugwedeza mapewa isanafike pakati. Nyimbo yochedwa Outside ndi yaifupi, yothamanga, ya magitala aphokoso. Kuimva ungati ndi mnyamata wa zaka 18 amene angogula gitala dzulo.

Imene ife tinaikonda kuposa zonse ndi Glasgow to London. Ng'oma yake ndi ya makina, yogunda mofanana ngati sitima pa njanji. M'nyimboyi mkulu akukumbukira mnyamata amene anali iye mwini, wopita ku mzinda waukulu ndi njala ya kuchuka. Samudzudzula mnyamatayo, ndipo samulira. Amangomuseka, nanena kuti lero zimenezo alibe nazo nchito. Ponena izi amagwiritsa liu limodzi lotukwana, ndipo womasulira wathu anacita manyazi. Koma tinaseka tonse, pakuti tonse tidziwa munthu amene anapita ku migodi kapena ku tauni ali ndi maloto akulu, nabwerera kudzakhala pansi pa mtengo wa kwao.

Pali nyimbo zinanso zofatsa. I Guess We Were Young ili ndi lipenga lolira ngati la ku Mexico, ndipo ikamba za masiku a unyamata. It All Makes Sense to Me ili ndi gitala wodekha ndi kulira kwa mbalame. Tikakumbukira kuti mbalame ndizo zinaphunzitsa dzanja lake lamanzere kugwira pensulo, timva cifukwa cake zili m'nyimbomo.

Mau akale ndi mau atsopano

Pali cinthu cimodzi ca cimbale ici cimene tifuna kuti aliyense acisunge. Posamuka ku London, banjalo linapeza makope akale. Munali mau a nyimbo amene Collins analemba asanadwale, ndi dzanja lamanja limene lero sililemba. Ena a mau amenewo anawatenga nawaika m'nyimbo za Badbea.

Taganizani. Mutu unataya mau, koma pepala linawasunga. Akadakhala kuti sanalembe, mau amenewo akadapita ndi matenda. Cifukwa analemba, munthu wakale uja anatha kusiyira mphatso munthu watsopano. Ici ndi cimene timanena masiku onse tikamaphunzitsa: colembedwa siciiwala.

Tsono m'cimbale muli anthu awiri. Pali Collins wakale, wa mau okuluwika. Pali Collins wa lero, wa mau afupiafupi, olunjika, obwerezedwa. Ena amene anamukonda kale amati wakale uja ndiye anali katswiri, ndipo wa lero wacepa. Ife sitivomereza. Kucenjera pakamwa nthawi zina kumakhala kobisalira. Munthu wodziwa mau ambiri amatha kuzungulira coonadi osacikhudza. Munthu amene liu lililonse analipeza ndi thukuta salimwaza pacabe. Akanena kuti ali bwino, timakhulupirira. Akanena kuti afuna mkazi wake, palibe nthabwala kumbuyo kwake.

Anzathu amene mumacita manyazi kuti kalata yanu yoyamba ili ndi mizere itatu yokha, imvani izi. Mau ocepa si mau acabe. Cofunika ncakuti akhale oona, ndipo akhale anu.

Pamene cimbale ciperewera

Sitinganene kuti zonse zili bwino. Tiona zoperewera zitatu.

Coyamba: zoimbira siziyenda njira yatsopano. Kaimbidwe kambiri m'cimbale ici ndi ka m'ma 1960 ndi 1970, kamene Collins anakulira nako. Kaimbidwa mwaluso, koma ndi munda wolimidwa kale. Pamene anali ndi Orange Juice anadzidzimutsa anthu posakaniza magitala aphokoso ndi ng'oma zovina za anthu akuda a ku America. Badbea sidzidzimutsa munthu.

Caciwiri: nyimbo zina za kumapeto zimafanana. Kubwereza liu limodzi kumapatsa mphamvu nyimbo imodzi, koma kukacitika m'nyimbo zingapo zotsatana khutu limatopa. Cimbale cikadakhala ndi nyimbo 10, cikadakhala colimba kuposa apa.

Cacitatu ndico cacikulu kwa ife. Cimbale conse catenga dzina la mudzi wa anthu olandidwa malo, koma nyimbo ya mudziwo ndi imodzi yokha, yomaliza. Ndi nyimbo yokoma, yoyenda pang'onopang'ono, yacisoni. Imatiimika pakati pa mabwinja. Koma siitiuza mbiri yonse. Munthu amene sanamve za nkhosa ndi eni malo aja angaganize kuti mudziwo unatha ndi mphepo cabe. Bambo wina m'kalasi anati kulira maliro osachula cimene capha munthu ndi kulira theka. Mau amenewa ife tiwaona kuti ndi oona.

Komabe tiyese kumumvetsa woimbayo. Iye sanapite ku Badbea ngati wolemba mbiri. Anapita ngati munthu woyenda ndi ndodo, amene moyo unamucotsa pa malo ake aconde numuika pa miyala. Anthu a ku Badbea anazula miyala nalima. Iyenso anazula liu limodzilimodzi naimba. Ndiye cifukwa cake dzinalo likuyenera cimbale, ngakhale nyimboyo siinena zonse.

Kutama kwa cifundo

Tibwerere ku funso lathu loyamba. Pali kutama kwa mitundu iwiri. Pali kutama nchito, ndipo pali kutama kwa cifundo. Kwaciwiriku kumamveka kokoma, koma mkati mwake muli cipongwe. Kumanena kuti: kwa munthu ngati iwe, izi zakwana.

Ife aphunzitsi tivomere kuti timalakwa pamenepa. Ambiri a ife ndife ana poyerekeza ndi inu. Agogo akalemba cilembo cokhota, timaomba m'manja osakonza, poopa kuwakhumudwitsa. Tsiku lina mai wina wacikulire anatibwezera kope lake. Anatiuza kuti sanasiye mphika pa moto kuti adzaomberedwe m'manja, koma kuti adzadziwe kulemba dzina lake ngati munthu. Kuyambira tsiku limenelo timakonza. Kukonza nchito ya munthu ndiko kumulemekeza.

Ndi cifukwa cake tachula zoperewera za Badbea mosabisa. Edwyn Collins sapempha cifundo m'nyimbo zake, ndipo ife sitimupatsa. Tayesa cimbale cake ndi muyeso womwewo umene tingayesere woimba aliyense. Ciweruzo cathu ndi ici: si cimbale cotsegula njira yatsopano, ndipo si nyimbo zonse zimene zili zolimba. Koma nyimbo zinai kapena zisanu ndi zabwino kwambiri, ndipo zikadakhala zabwino ngakhale tikadapanda kumva za matenda ake. Mai amene anagwedeza mapewa uja anali asanamve mbiriyo.

Nchito sinathere pamenepo. M'caka ca 2025 anatulutsa cimbale cina, Nation Shall Speak Unto Nation, ndipo caka comweco anayenda ulendo wotsanzika m'mizinda ya ku Britain, kuimbira anthu ali ndi zaka 66. Zinali zaka 20 kucokera pamene anatsala ndi mau anai.

Mawa tikabwera, aliyense abwere ndi kope lake. Tidzalemba maina a midzi imene makolo athu anakhalamo, ngakhale imene lero ndi mabwinja.

Tikambirane

1. Kodi mau akuti indie atanthauza ciani? Kodi m'dera lathu muli oimba amene amajambula ndi kugulitsa okha nyimbo zao?

2. Kodi munthu akafa ziwalo mbali imodzi nalephera kulankhula, anthu a m'mudzi mwathu amati ciani? Nanga ticite ciani pomuthandiza?

3. Cifukwa ciani mabanja anacotsedwa m'zigwa ndi kuikidwa ku Badbea?

4. Makope akale anamuthandiza bwanji Edwyn Collins? Inu mufuna kulemba ciani kuti cisaiwalike?

5. Kodi mufuna mphunzitsi wongotama, kapena wokonza? Nenani cifukwa cake.